KUMENE WOPANDA GALIMOTO ANGAKHALE MU MZINDA WA LUSAKA

Caka ndi caka, anthu akatha kukolola ndi kugulitsa dzinthu zao, mabasi ocokera ku Lundazi, Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amatsitsa anyamata ndi atsikana ambiri pa sitesheni ya Intercity mu mseu wa Dedan Kimathi. Ena amadza kudzafuna nchito, ena kudzaphunzira, enanso kudzayesa malonda. Onsewa funso lao loyamba limakhala limodzi: kodi cipinda cochipa cingapezeke ku komboni iti? Funsoli n'loyenera, koma lili ndi linzace limene ambiri amalikumbukira mocedwa, ndalama zitayamba kale kuthera m'manja mwa kondakitala. Funso laciwirilo ndi lakuti: kucokera pa cipindaco kukafika kumene munthu azikapezako cakudya pali mtunda wotani, nanga adzauyenda bwanji?

Nkhaniyi yakula kuyambira mu December 2021, pamene Boma linaleka kulipirako mbali ina ya mtengo wa mafuta a galimoto. Mwezi umenewo lita imodzi ya petulo inakwera kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16, ndipo m'caka ca 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mtengowo mwezi uli wonse. M'caka ca 2024 petulo anapitirira K30 pa lita. Dziko la Zambia lilibe zitsime za mafuta. Onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo dizilo wambiri amadzera mu mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam. Cotero Kwacha ikafooka, kapena mafuta akakwera pa misika ya kunja, eni mabasi amapempha bungwe la RTSA kuti mtengo wa ulendo ukwere, ndipo mtolo wonsewo umagwera wanchito amene amakwera basi m'mawa ndi madzulo.

MZINDA WA OYENDA PANSI

Munthu woima m'mbali mwa mseu wa Great East kapena wa Kafue nthawi ya m'mawa angaganize kuti mu Lusaka ali yense ali ndi galimoto yace, pakuti mzere wa magalimoto umatalika osaoneka pothera. Koma ziwerengero zimanena zina. Akatswiri a bungwe la ku Japan la JICA, pokonza pulani ya citukuko ca mzindawu imene inatuluka m'caka ca 2009, anapeza kuti pa maulendo 100 ali onse a mu Lusaka, 65 anali a pansi, 23 a pa basi, 10 a pa galimoto ya mwini, ndipo 2 okha a pa njinga. Magalimoto aculuka ndithu kucokera nthawi imeneyo, makamaka akale ogulidwa ku Japan, koma m'bandakuca uli wonse miseu ya Los Angeles, Mumbwa ndi Lumumba imadzalabe ndi anthu amene akupita ku nchito ndi miyendo yao.

Bvuto limeneli likupezekanso m'maiko olemera. Ku America, kumene mabanja 9 mwa 10 ali ndi galimoto, munthu wosafuna kapena wosatha kuyendetsa amayamba wasankha mzinda asanasankhe nyumba. Mu New York mabanja oposa theka alibe galimoto, cifukwa sitima za pansi pa nthaka, zimene zinayamba m'caka ca 1904, zimayenda usana ndi usiku, ndipo nyumba, masitolo ndi maofesi zili moyandikana. Mizinda ya Chicago, Boston, Philadelphia, Washington ndi San Francisco nayonso ili ndi sitima ndi mabasi odalirika. Koma mizinda yonga Houston ndi Phoenix inamangidwa motambalala, kotero kuti wopanda galimoto amabvutika ngakhale pofuna kukagula mkate. Mzinda wa Los Angeles, umene unapalana ubwenzi ndi Lusaka m'caka ca 1968 ndipo dzina lace lili pa mseu wopita ku Kanyama, unali ndi sitima zamagetsi zoyenda m'miseu, koma unazicotsa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 pokhulupirira galimoto. Pofika m'caka ca 1990 unayambanso kuyendetsa sitima pa njanji zatsopano zimene zinadya ndalama zambiri.

Wa ku America amasankha pakati pa mizinda. Wa ku Zambia, popeza nchito zambiri zinaunjikana mu Lusaka, amasankha pakati pa makomboni. Koma muyeso wace ndi umodzi: malo abwino kwa wopanda galimoto ndi amene ali pafupi ndi nchito, msika, madzi, sukulu ndi cipatala, kapena amene basi imodzi yokha imamufikitsa kumene akupita.

MMENE MZINDAWU UNAMANGIDWIRA

Kuti munthu amvetse cifukwa cace anchito a mu Lusaka amagona kutali ndi nchito zao, ayenera kubwerera ku nthawi ya atsamunda. M'caka ca 1931 Professor Stanley Adshead wa ku London analemba pulani ya likulu latsopano la Northern Rhodesia, ndipo m'caka ca 1935 likulu linasamuka kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Pulaniyo inali ya mzinda wa mayadi akulu-akulu, mitengo ndi miseu yotakata, woyenera Azungu ocepa okhala ndi magalimoto. Maofesi a Boma anamangidwa pa citunda ca Ridgeway kum'mawa kwa njanji, masitolo anatsala mu mseu wa Cairo, ndipo mafakitale anapita kumadzulo. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wodzagwira nchito amene mawa adzabwerera kumudzi, ndipo sanali kuloledwa kukhala m'tauni popanda citupa.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Khonsolo inamanga nyumba za mabanja ku Chilenje ndi ku Matero, koma sizinakwanire. Eni mafamu, eni maenje a miyala ndi omanga nyumba analola anchito ao kumanga timisasa pa malo ao, ena n'kumalipiritsa lendi. Ndico cifukwa cace makomboni ena ali ndi maina a Azungu mpaka lero, monga John Laing ndi John Howard. Komboni ya George inatenga dzina la George Hadjipetrou, amene anali kuumba njerwa kumeneko, ndipo Chawama poyamba inali kuchedwa Roberts.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964 citupa cinatha, ndipo anthu anayamba kudza ndi mabanja ao. M'caka ca 1963 mu Lusaka munali anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1980 anapitirira 500,000, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Mwa anthu 10 ali onse, pafupifupi 7 amakhala m'makomboni. M'caka ca 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lobvomereza makomboni ena ndi kupatsa eni nyumba cilolezo ca zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank linakonza miseu ndi mipope ya madzi ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Makomboni akalewo ndiwo anatenga malo apafupi. Odza mocedwa amakankhidwira kumalire a mzinda, kumene cipinda n'cochipa koma mtunda ndi wautali.

MABASI ONSE AMALOZA KU TAUNI

Acikulire amakumbukira mabasi akulu a United Bus Company of Zambia, amene anali kuyenda ndi nthawi yoikika ngakhale kuti sanali kukwanira. Kampani ya Bomayo inathetsedwa m'caka ca 1995. Amakumbukiranso sitima ya Njanji, imene inayamba m'caka ca 1991 kunyamula anchito pakati pa Chilenje ndi dera la Matero ndi George pa mtengo wocepa. Sitimayo inaima zaka za m'ma 1990 zisanathe, zitsulo zace zambiri zinabedwa, ndipo m'malo ena anthu anamanga nyumba ndi misika pamene panadutsa njanji.

Cimene cinalowa m'malo mwace ndi maminibasi a anthu wamba. Ubwino wao ndi wakuti ndi ambiri ndipo amalowa pafupifupi m'komboni ili yonse. Koma mayendedwe ao ali ndi malamulo ace amene mlendo ayenera kuwadziwa. Dalaivala amafunika kupereka kwa mwini basi ndalama yoikika tsiku lili lonse, ndipo cotsala ndico cace ndi kondakitala. N'cifukwa cace basi siinyamuka isanadzale, imaima pali ponse pamene paoneka munthu, ndipo nthawi zina imabwerera pa njira ngati okwera acepa. Pa masitesheni pamakhalanso ang'wang'wazi oitanira anthu, amene naonso amadya pa ndalama yomweyo. Mu August 2021 Boma linalamula kuti anyamata a zipani za ndale acoke m'misika ndi m'masitesheni, kumene anali kutolera ndalama kwa madalaivala.

Cinthu cacikulu koposa n'cakuti njira zambiri za mabasi zimathera pakati pa tauni, pa masitesheni a Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium. Wokhala kumadzulo amene nchito yace ili kum'mawa amatsika m'tauni, nayenda pansi kukafuna sitesheni ina, n'kulipiranso kaciwiri. Wogwira nchito masiku 26 pa mwezi amene amakwera basi imodzi popita ndi imodzi pobwera amalipira maulendo 52. Wa mabasi awiri amalipira maulendo 104. Ngakhale ulendo umodzi utakhala wa K10 cabe, woyambayo ataya K520 ndipo waciwiriyo K1,040. Kuyambira pa 1 January 2024 malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, kuphatikizapo ndalama ya mayendedwe. Wolandira ndalama yotere sangakwere mabasi awiri n'kutsala ndi ya lendi ndi ya ufa. Amene wapeza cipinda cochipa kutali amabweza ndalamayo m'basi, kapena amailipira ndi maola atatu kapena anai a ulendo wa pansi tsiku lili lonse, pakuti munthu wamphamvu amayenda makilomita 5 pa ola limodzi.

KANYAMA NDI CHAWAMA

Kwa munthu wa malonda kapena wa ganyu, Kanyama ndi komboni yokopa koposa. Ili kumadzulo kwa tauni, kutsidya kwa mseu wa Lumumba, pafupi ndi misika ya Soweto ndi City Market ndiponso mafakitale a m'mbali mwa mseu wa Mumbwa. Mai wokaoda tomato, kabichi kapena kapenta ku Soweto m'mamawa angapite pansi n'kubwera ndi katundu wace pa wilibala, imene a mu Lusaka amaicha Zamcab. Mnyamata wofuna ganyu yonyamula katundu angafike pa cipata ca fakitale dzuwa lisanatuluke osalipira kali konse. N'zosadabwitsa kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa theka la miliyoni m'dera la phungu la Kanyama. Komabe Kanyama yatambalala kwambiri kulowera kumadzulo, ndipo wokhala kumapeto kwace ali kutali ndi tauni monga wa komboni ina ili yonse. Dzina la komboni palokha silinena mtunda.

Akulu anati walira mvula walira matope. Kanyama ili pa malo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa yambiri madzi amasowa kolowera, amadzala m'njira ndi m'nyumba, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya. M'caka ca 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo m'caka ca 2010 mabanja a m'makomboni osefukira anasungidwa m'matenti pa bwalo la Independence. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2017 unakula m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, kufikira kuti mu January 2018 Boma linaletsa kuyenda usiku mu Kanyama ndi kugulitsa malonda m'miseu. Mliri wa 2023 ndi 2024 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse n'kupha pafupifupi 700. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu February 2024. Woyenda pansi ndiye amaponda m'madzi amenewa.

Chawama ili kum'mwera, kupitirira Misisi, pafupi ndi mseu wa Kafue. Anthu ace ambiri amalowa m'tauni ndi ku masitolo a Kamwala pansi, ena motsata njanji, ndipo amene amagwira nchito m'makampani a mu mseu wa Kafue ndi ku Makeni ali pafupi. Mabasi ace ndi ambiri, ndipo ili ndi misika yace-yace, kotero kuti wa malonda ang'ono angagulitse osacoka m'komboni. Nayonso ili ndi madera otsika amene amasefukira, makamaka ca ku Kuku ndi ku Misisi, kumene maenje akale a miyala amasunga madzi caka conse ndipo ndi oopsa kwa ana.

MATERO NDI GEORGE

Matero ili kumpoto ca kumadzulo kwa tauni. Popeza inamangidwa ndi Khonsolo, ili ndi miseu yolongosoka, mapuloti opimidwa, masukulu akale ndi msika waukulu. Yayandikana ndi dera la mafakitale akulu, cotero makaniki, wowocherera zitsulo, dalaivala wa lole kapena wanchito wa m'fakitale angayende pansi kapena kupalasa njinga. Mabasi odzera mu miseu ya Commonwealth ndi Lumumba samasowa. Ubwino umenewu uli ndi mtengo wace, pakuti lendi ya ku Matero kawiri-kawiri imaposa ya makomboni oizungulira.

George ili kuseri kwa Matero, pamodzi ndi Lilanda ndi Zingalume. Zipinda zace n'zochipirapo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 dziko la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kuika mipope ya onse m'komboniyi. Wogwira nchito ku mafakitale angakhale kumeneko bwino ndithu. Koma wopeza nchito ku Kabulonga, ku Woodlands kapena ku Chelstone n'kukakhala ku George wasankha ulendo wodutsa mzinda wonse, wa mabasi awiri, wonyamuka kusanace ndi kubwera kutada. Anthu a dera limeneli ndiwo anataya zambiri pamene sitima ya Njanji inaima.

KALINGALINGA NDI MTENDERE

Kum'mawa nkhani ndi ina. Kalingalinga inamera pa mafamu osiyidwa, ndipo kuyambira m'caka ca 1980 inakonzedwa ndi thandizo la dziko la Germany. Lero yazunguliridwa ndi malo a nchito: University of Zambia, nyumba ya wailesi ya Mass Media mu mseu wa Alick Nkhata, masitolo akulu a Manda Hill, Arcades ndi East Park, ndiponso mayadi a Kabulonga ndi Longacres. M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata akalipentala, owocherera mageti ndi oumba miphika ya maluwa amagulitsa nchito ya manja ao kwa anthu a kumayadi odutsa pa galimoto. Wokhala kuno angathe mwezi wathunthu osakwera basi. Koma cifukwa ca ubwino womwewo malo akwera mtengo. Eni mapuloti ena anagulitsa kwa omanga maofesi ndi masitolo, ena anasandutsa nyumba zao kukhala zogonamo ophunzira a pa yunivesite, ndipo wosauka amabvutika kupeza cipinda.

Mtendere inakhazikitsidwa m'caka ca 1967 monga malo opimidwa pamene anthu anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha. Ili kum'mawa kwa Kalingalinga, moyandikana ndi Kabulonga, Ibex Hill ndi PHI. M'mawa uli wonse anchito a m'nyumba, osamala maluwa, alonda ndi omanga amatuluka mu Mtendere ndi mu Kalikiliki pansi kulowera kumayadi. Kwa iwo palibe komboni yoposa imeneyi. Pakati pa 2013 ndi 2018 dziko la America, kudzera m'bungwe la Millennium Challenge, linapereka madola 355 miliyoni a nchito za madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, ndipo Mtendere inali imodzi mwa makomboni amene anaikidwamo mipope. Koma wa malonda amene katundu wace amacokera ku Soweto adziwe kuti Mtendere ili kutali ndi tauni. Adzalipira mpando wace, adzalipiranso thumba lace, ndipo phindu la tsiku lingathere pa njira.

MADZI, CIPATALA NDI SUKULU

Ulendo wa ku nchito ndi umodzi cabe mwa maulendo a banja. Mai amapita kukatunga madzi, mwana amapita ku sukulu, wodwala amapita ku cipatala, ndipo onsewa amayenda pansi. Pa nkhani ya cipatala zinthu zasinthako. Ndi thandizo la Japan, makiliniki a Matero ndi Chilenje anakulitsidwa kukhala zipatala m'caka ca 2016, ndipo pambuyo pace anatsatira a Kanyama, Chawama ndi Chipata. Kale mai wobvutika pobereka anayenera kufunafuna galimoto usiku kuti akafike ku UTH, koma tsopano thandizo lotere lili pafupi. A ku Mtendere ndi Kalingalinga ali ndi makiliniki ao, ndiponso cipatala ca Levy Mwanawasa, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2011 mu mseu wa Great East.

Kuyambira mu January 2022 maphunziro m'masukulu a Boma ndi aulere, ndipo ana aculuka m'makalasi. Kholo lisaganize kuti sukulu imene ili pafupi ndi nyumba ili ndi malo. Mwana akapatsidwa malo kutali, adzadutsa miseu ikulu-ikulu yekha, kapena banja lidzaonjezera ndalama ina ya basi. Madzi naonso m'makomboni ambiri amagulidwa pa mpope wa onse ndi cigubu, ndipo nyumba imene ili kutali ndi mpope imadya nthawi ya mai ndi ana ace tsiku lili lonse.

MISEU YATSOPANO IMATHANDIZA YANI?

Boma lataya ndalama zambiri pa miseu ya mu Lusaka. Nchito ya L400, imene inayamba m'caka ca 2013, inaika phula m'miseu yambiri, kuphatikizapo ina ya m'makomboni, ndipo mabasi anayamba kulowa kumene kale anali kukana cifukwa ca maenje. M'caka ca 2018 inayamba nchito ina ya madola 289 miliyoni, yogwiridwa ndi kampani ya ku India ya Afcons, imene inakulitsa miseu ndi kumanga maulalo a pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Maulalowa anacepetsako kuthithikana kwa magalimoto pa mphambano zimenezo.

Koma mseu ukakula magalimoto amathamanga, ndipo woudutsa pansi amakhala pa ngozi yoposa kale. M'caka ca 2022 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pa mseu m'dziko lino, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la oyenda pansi. M'caka ca 2019 Boma linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi opalasa njinga, yofuna kuti miseu ikhale ndi tinjira ta m'mbali ndi malo odutsirapo. M'miseu yambiri yolowa m'makomboni tinjira timeneti kulibe, kapena tatsekedwa ndi malonda ndi magalimoto oimikidwa, kotero kuti munthu amayenda pakati pa ngalande ndi minibasi.

Mizinda ina ya mu Africa yayesa njira zina. Addis Ababa inatsegula sitima yamagetsi ya m'tauni m'caka ca 2015. Dar es Salaam inayamba m'caka ca 2016 kuyendetsa mabasi akulu m'njira yao-yao yosalowamo magalimoto ena, kucokera ku Kimara kufika ku Kivukoni. Phunziro lace n'lakuti basi imodzi yaikulu yopatsidwa njira imanyamula anthu amene akadadzaza magalimoto makumi angapo. Cimene anthu a m'makomboni a Lusaka akusowa koposa ndi mabasi olumikiza kumadzulo ndi kum'mawa osatsitsa anthu m'tauni, tinjira ta pansi touma nthawi ya dzinja, ndi magetsi a m'miseu, pakuti mlonda, namwino ndi mai wa ku msika amayenda mu mdima, nthawi imene magulu a anyamata olanda, ochedwa majanki, amabisalira anthu.

NANGA NJINGA?

Wa kum'mawa amadziwa njinga kuposa wina ali yense. Ku Chipata njinga imanyamula munthu, matumba a cimanga ngakhale mbuzi, ndipo tauniyo inali ndi fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Mzinda wa Lusaka ndi wathyathyathya, woyenera njinga, ndipo mtunda umene woyenda pansi amatha ola limodzi, wa pa njinga amautha mphindi 20. Wokhala ku George wogwira nchito ku mafakitale, kapena wa ku Mtendere wopita ku Ibex Hill, angabweze mtengo wa njinga m'miyezi yocepa. Cobvuta n'cakuti m'miseu ikulu monga Lumumba, Kafue ndi Great East wa pa njinga amapikisana ndi malole ndi maminibasi amene amakhota mosacenjeza. Wobwera ndi njinga yace ayambe waphunzira njira za m'kati, aike nyali ndi zowala, ndipo afunse ngati ku nchito kuli malo oisungira. Matakisi oitanidwa pa foni alipo, koma mtengo wao ndi wa tsiku la matenda kapena la maliro.

ZOYENERA KUFUNSA MUNTHU ASANALIPIRE LENDI

Safunsa anadya phula. Ambiri amafikira kwa mbale, n'kukhazikika m'komboni imeneyo cifukwa ca cibale cabe, nchito n'kudzapezeka mbali ina ya mzinda. Kufikira kwa mbale n'kwabwino masiku oyamba, koma cipinda cisankhidwe nchito itadziwika. Wa malonda a ku Soweto ndi wa ganyu ya m'tauni ayang'ane ku Kanyama ndi ku Chawama, pa malo okwera. Wa ku mafakitale ayang'ane ku Matero ndi ku George. Wa nchito ya kumayadi, ya pa yunivesite kapena ya m'masitolo a kum'mawa ayang'ane ku Kalingalinga ndi ku Mtendere.

Asanapereke ndalama, ayende yekha pansi kucokera pa nyumbayo kukafika ku nchito, awerenge mphindi zace. Aphatikize lendi ndi ndalama ya basi ya mwezi wathunthu, pakuti ziwirizi pamodzi ndizo mtengo weni-weni wa cipinda. Ngati wadza m'cilimwe, ayang'ane zipupa kumunsi, pakuti madzi a dzinja amasiya cizindikiro cace, ndipo afunse anansi, osati mwini nyumba yekha, ngati njira imapitika mu January ndi February. Aone pamene pali mpope, cimbudzi, kiliniki ndi sukulu, afunsenso nthawi imene basi yoyamba imanyamuka ndi imene yotsiriza imafika. Wofuna kugula puloti asapereke ndalama kwa munthu wa pa njira popanda kufunsa ku Khonsolo, cifukwa malo ena ogulitsidwa mochipa ali m'njira ya madzi, ya njanji kapena ya mawaya a magetsi, ndipo nyumba zomangidwa pamenepo zimagwetsedwa.

Makolo amene akutumiza mwana ku Lusaka akambirane naye zimenezi asanakwere basi, ndipo pa ndalama imene akumupatsa apatulepo ya mayendedwe a mwezi woyamba, cifukwa malipiro amadza pa kutha kwa mwezi koma kondakitala amafuna yace tsiku lomwelo.